Mabala a Kumanzere

Patapita sabata chimuikireni m'manda bwana Odo, ngwazi ya nkhondo ya pakavalo, zobayira zake zagolide zinasowa. Zinali zitsulo ziwiri za timano tozungulira, zomanga kuzidendene pofulumizitsa kavalo, ndipo monga mwa mwambo anazipachika pakhoma la tchalitchi, pamwamba pa manda ake. M'mawa womwewo kavalo wa malemuyo anapezeka m'khola ali thukuta lokhalokha, m'nthiti muli timabala tatiwisi.

Usiku wachiwiri alonda a palinga anamva ziboda zikugunda kuchigwa, pamodzi ndi kulira kwa timano tija, kukuyandikira pang'onopang'ono mumdima wandiweyani, kenaka kukuzilala. Usiku wachitatu mudzi wonse unachezera kutchera khutu kuseri kwa zitseko, poopa mzukwa wa malemuyo. Hamon, mng'ono wa malemu, amene anabwera kudzalanda linga kwa mayi Sibila, mkazi wamasiyeyo, anasamukira kwa wansembe.

"Anazisula ndi Avelina," anthu ankanong'onezana. "Mkazi n'kusula zitsulo? Anaikamo mankhwala ameneyo."

Wansembe analamula kuti zikangomvekanso, Avelina azimitse ng'anjo yake ndi kuchoka m'mudzimo.

Avelina sanakagwadire munthu. Anapita kukhola, nasisita nthiti za kavaloyo, ndipo mtima wake unadumpha ndi chimwemwe: mabala onse anali kumanzere. Mwamuna amakwera atatangadza miyendo, nabaya mbali zonse ziwiri. Wokhala cham'mbali pachishalo, miyendo yonse kumanzere, ndi mayi waulemu yekha.

Kutada anagogoda kuchipinda cha mayi Sibila.

"Mayi, mzukwa wanu uja umakwera ngati wovala diresi."

Mayi Sibila anagwira pakamwa kuti kuseka kusamveke. "Tsekani chitseko, amisiri, mungandiulule. Ndikungofuna mlamu wangayo athawe, basi. Mwamuona mmene akunjenjemerera?"

"Iye athawe, ine andizimitsire ng'anjo? Bwezani ntchito ya manja anga, ndikaipachike pamalo pake."

Mayiwo anatsegula bokosi natulutsa chobayira chimodzi.

"Nanga chinzake?" anafunsa Avelina.

"Chinzake chiti? Ndinangotenga chakumanzere. Chinacho ndikanachimanga pati? Ndinachisiya pakhoma pomwepo."

"Pakhoma palibe kanthu, mayi."

Nyali inaphethira. Pansi, kubwalo, chitseko cha khola chinalira mwapang'onopang'ono, ndipo ziboda zinayamba kuponda pamiyala mosafulumira, monga amayendera kavalo wodziwa mwini wake. Avelina anafumbata chitsulo chija mpaka timano tinamulowa m'chikhatho, komabe kunjako kulira kwa chinzake kunamveka bwinobwino. Ntchito yake sakanaisokoneza ndi ya mmisiri wina.

Kutacha, kavalo anali m'khola, chishalo cha malemu chili pamtanda pake chouma, fumbi lake losakhudzidwa. Mabala atsopano anali kumanja.

Avelina anakapachika chobayira chakumanzere pamwamba pa manda, nachiwongola bwino kuti chisapendekeke. Ng'anjo yake anaizimitsa yekha, wansembe asanatume munthu.