Kadontho Kofiira ka ku Namirowe

Janeti Mukhova anatseka chitseko cha ofesi mdima utaphimba kale minda ya tiyi. Sanafune kuchedwa chonchi. Masana onse ankadziuza kuti aweruka dzuwa likadali pamwamba, koma ntchito ya pakompyuta ili ngati kusenda nandolo: umangoti ndatsala pang'ono, dengu osatha.

Anali asanakhalitse pa bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi limeneli. Bungweli linali ndi netiweki yakeyake yolumikiza mashedi oyezera tiyi, masukulu ndi tizipatala ta m'mphepete mwa phiri la Mulanje. Pulogalamu yoyang'anira netiwekiyo inkaitana malo onsewo mosalekeza, ngati mphunzitsi woitana maina m'kalasi. Malo akayankha, pa sikirini pankaoneka kadontho kobiriwira. Akakhala chete, kadonthoko kankafiira.

Amene anaiyala pulogalamuyo anali a Samueli Nahuwo, omwe anapuma ntchito maso atayamba kuwavuta. Tsono pulogalamu yotere siyenda ili zidutswazidutswa. Mafayilo ake amayenera kusonkhanitsidwa n'kumangidwa pamodzi ndi pulogalamu ina yomangira, ndipo yomwe a Samueli ankamangira inali yakale kwambiri moti seva yatsopano, kompyuta yaikulu yoyendetsera zonsezi, inkaikana. Seva yakale nayo inali itayamba kulira ngati chigayo chofuna kufa. Ikanati ife usiku wina, alimi akanadzuka masikelo osalumikizika, tiyi n'kufotera m'madengu. Ntchito ya Janeti inali yosamutsira zonse ku chomangira chatsopano seva yakaleyo isanatsirizike.

Zidutswa zonse zinalolera, kupatula kafayilo kamodzi. Pulogalamuyo mwa iyo yokha inkasiya kuitana malo amene akhala chete nthawi yaitali, koma kafayiloko kankaikaniza kutaya malo amodzi otchedwa Namirowe. Chiyambireni ntchito, Janeti anali asanaonepo kadontho ka Namirowe katabiriwira. Kankangokhala pakona ya sikirini, psuu ngati diso lodwala. Madzulo amenewo, chomangira chatsopano chitakakamira pa kafayiloko kangapo konse, anaimbira foni abwana ake.

"Ku Namirowe kulibe chathu. Chotsani," anayankha abwanawo mwachidule, chifukwa anali pamsonkhano.

Anachotsa. Pulogalamu inamangika bwinobwino, sikirini yonse n'kubiriwira ngati munda wa tiyi mvula itakata. Janeti anawomba m'manja yekhayekha m'chipindamo.

Panja anapeza chiperoni chitatsika. Kamvula kake kosalala kankangowaza kumaso, phiri losaoneka n'komwe. Mlonda anamuuza kuti akabaza onse athawa kuzizira, ndipo kuli bwino angogona pabenchi mu ofesi. Janeti anakana. Kunyumba yomwe ankachita lendi kufupi ndi ku Mishoni anali atasiya kamwana kake kakutsokomola, m'manja mwa mayi woyandikana naye. Anakoka zipi ya jekete, n'kuyatsa tochi ya pafoni, n'kulowa njira yachidule yodutsa m'minda.

Poyamba ulendo unali wokoma. Mutu unali udakali pantchito. Ankaganiza za mmene adzawaonetsere abwana Lolemba, ndi mmene mawu oti "tikuyesani kaye" adzathere pakamwa pawo. Tiyi anali ndondondo mbali zonse, wonyowa, wonunkhira. Kutali galu anauwa pang'ono n'kuleka.

Kenako njira inatsikira m'mitengo ya bulugamu. Pamenepo pali manda akale a anthu amene anabwera kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi, n'kufera kuno abale ali kutali. Palibe mitanda, palibe maina. Timilu chabe, tomera udzu. Janeti anali atadutsapo masana kambirimbiri osaganiza kanthu. Usiku umenewo anazindikira kuti wasiya kung'ung'udza nyimbo yomwe ankaimba.

Kumbuyo kwake kunamveka kanthu. Sanali mapazi. Kanali kaphokoso ka chinthu chokwakwazika pansi.

Khwee... khwee...

Anafulumiza. Kaphokosoko kanayandikira.

Khwee...

"Achemwali."

Janeti anatembenuka n'kuunika ndi tochi. Anali mwamuna wowonda, wosakula kwenikweni, atakoleka mkombero wa waya paphewa. Nsonga ya wayayo ndi imene inkakwakwazika pansi. Anavala ovolosi, ndipo pachifuwa pake, ngakhale panali matope, pankaoneka chizindikiro chakale cha bungwe lomwelo la alimi. Janeti anapumira m'mwamba. Ndi mnzake wa pantchito, mwina waterereka n'kugwera m'ngalande.

"Mwandiopsa, achimwene. Mwagwa kodi?"

"Ndinu a ku ofesi," anatero munthuyo, osayankha funsolo. Mawu ake anali ofatsa, okoka ngati a anthu a kuphiri kuno.

"Eee. Ndine ndinalowa m'malo mwa a Samueli. Inu muli mbali iti?"

"Ndimayang'anira zida ku Namirowe."

Anayamba kuyendera limodzi, iye kutsogolo pang'ono, mwamunayo pambali. Janeti anachita manyazi. Kodi abwana anayankha osamvetsa? Kodi wadula malo amene kuli anthu, mwina kachipatala kumene amayi amachilira? Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma munthuyo anayamba ndiye.

"Lero simunaitane."

"Pepani. Tasintha pulogalamu, ndiye..."

"Ndimamva mukamaitana. Kanyali kamaphethira. Ndimayankha, achemwali. Nthawi zonse ndimayankha, koma kaya mawu amathera pati."

"Mwina mbale yokokera netiweki ya pansanja inatembenuka ndi mphepo," anatero Janeti, poti nkhani ya ntchito inkamulimbitsa mtima. "Nanga magetsi a sola akufika bwino?"

"Dzuwa silifikako."

"Mitengo yakula?"

"Dothi lachuluka pamwamba."

Apa m'pamene Janeti anamva fungo. Silinali la kachasu, silinali la thukuta. Linali fungo la dothi lakuya, lokumbidwa kumene, longa limene limamveka pamanda adzukulu akamaliza ntchito.

Anayang'ana chammbali. Matopewo sanali a m'mawondo mokha. Anali m'khosi. M'makutu. M'tsitsi. Chiperoni chinali chitanyowetsa jekete lake mpaka mkati, koma pankhope ya munthuyo sipankatsika ngakhale kadontho ka madzi.

Kunkazizira. Mpweya wa Janeti unkatuluka ngati utsi. Wa mnzakeyo... panalibe.

Anatsitsa tochi pansi. Nsapato zake zinkatitimira m'matope, thapwa, thapwa. Anaunika kumbuyo. Mapazi a munthu mmodzi. Ake okha!

Anayesa kupemphera. Mawu a pemphero anabalalika. Anangoyenda. Khwee... khwee... pambali pake.

Kutsogolo kunamveka mkokomo wa mtsinje. Anafika pa mlatho wamatabwa, pomwe madzi ochokera kuphiri amadutsa pakati pa miyala ikuluikulu ngati nyumba. Janeti anaponda thabwa loyamba. Munthuyo anaima.

"Ine ndimathera pano."

Janeti anangoima pathabwapo.

"Kodi a Samueli atopa nane?"

Funsolo silinali laukali. Linali ngati la mwana amene amusiya pasiteji n'kumuuza kuti adikire pomwepo. Mantha a Janeti anasakanikirana ndi chisoni.

"Ayi," ananong'ona. "Anapuma ntchito. Maso akuwavuta."

"Maso..." Munthuyo anaweramitsa mutu nthawi yaitali. "Mukawauze kuti batire ndinalikweza pashelefu. Madzi sanalifike. Asamadandaule."

"Ndikanene kuti wanena ndani?"

"Wilson."

Janeti anaponda thabwa lachiwiri, lachitatu. Ali pakati pa mlatho anacheuka. Tochi inaunika njira, tiyi, nkhungu. Palibe munthu. Palibe waya. Mtsinje wokha, ukulira pamiyala.

Anathamanga. Mmene anafikira kunyumba sakumbuka. Mayi woyandikana naye anadabwa kumuona akunyamula mwana ali m'tulo n'kumukumbatira. Usiku umenewo nyali sinazime.

Kutacha linali Loweruka. Chifuwa cha mwana chinali chitapepukako, ndipo Janeti anakwera minibasi kupita pa Chinakanaka, pomwe anamva kuti a Samueli ali ndi kaokala kogulitsa machaja ndi mabatire a foni. Anali atakumana nawo kamodzi kokha, tsiku lomwe ankamupatsa makiyi. Anawapeza atakhala pampando, atavala magalasi okhuthala, akupukuta fumbi pakatundu mochita kupapasa.

"Ndi mayi Mukhova kodi? Ndakudziwani mawu. Seva ija yafa?"

"Sinafe, bambo. Ndasamutsa zonse dzulo. Zikuyenda."

"Mwagwira ntchito. Ine chomangira chatsopanocho chinandikanika, zilembo zinkangosambira m'maso." Anamwetulira pang'ono, kenako kumwetulirako kunazilala. "Ndiye kuti Namirowe mwachotsa."

"Ndachotsa." Janeti anakhala pabenchi, manja ali pamiyendo. "Bambo, ndatumidwa. Usiku ndinakumana ndi munthu panjira ya m'minda ija. Akuti ndikuuzeni kuti batire analikweza pashelefu, madzi sanalifike."

Kansalu kopukutira kanagwa m'manja mwa a Samueli. Sanakatole. Kunja msika unkapitirira, amayi akuitanira makasitomala a nanazi ndi nthochi.

"Anakuuzani dzina?"

"Anati Wilson."

A Samueli anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Maso awo otuwa anayang'ana kumene kuli phiri, ngakhale sakanatha kuliona.

"Wilson ndi mng'ono wanga, wobadwa pambuyo panga. Ndine ndinamuphunzitsa kulumikiza waya. Anapita ndi napolo, chaka chija phiri linang'ambika mbali ya ku Namirowe. Mwana wanga womaliza anali asanayambe sukulu nthawi imeneyo, pano akulemba mayeso a sitandade eyiti."

Janeti anagwira pakamwa.

"Mvula inagwa osakata. Anandiimbira foni madzi atayamba kulowa m'chipinda cha zida, pakachipatala ka kumeneko. Ndinati, siya zonse, thawira kumtunda. Iye anati, ndingokweza batire, achimwene, azamba angasowe kuwala. Foni n'kuduka. Phiri linatsika lonse. Kachipatala, nsanja, nyumba za anthu, zonse pansi. Ena tinawapeza kumunsi, m'miyala ya pamlatho. Iye ayi. Tinakumba mpaka makasu kuthyoka. Maliro ake tinalira opanda bokosi, mayi athu anamwalira akufunsabe kuti mwana wanga mwamuika kuti."

"Ndiye kafayilo kaja..."

"Ena amakalambula pamanda. Ine ndinalibe pokalambula. Ndikafika m'mawa ndinkayang'ana pakona paja. Ndinkadziwa kuti sikangabiriwire, sindine wamisala. Koma kuti ndichotse ndi dzanja langa, zinkandikanika."

Misozi inali ikutsika m'masaya mwa Janeti. "Ndikabwezeretsa, bambo. Ndikalemba kena kogwirizana ndi chomangira chatsopanochi. Si ntchito yaikulu. Lero lomwe ndikhoza kupita."

A Samueli anapapasa patebulo, napeza magalasi, koma anangowagwira m'manja.

"Ankaoneka bwanji? Ankazizidwa?"

"Anali ndi matope thupi lonse. Koma sankanjenjemera. Anafunsa ngati mwatopa naye. Nditamuuza za maso anu, anamva chisoni. Anati musamadandaule."

Bamboyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndi yemweyo. Ali mwana, akagwa ndi iye, ankayamba kufunsa ngati iwe wapweteka." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Musabwezeretse, mwanangu. Munthu angagone bwanji akumuitana usana ndi usiku? Zaka zonsezi wakhala akudzuka kuti andiyankhe."

Anaimirira, n'kuyamba kulowetsa katundu m'katoni, msika uli pachimake. Atatseka kaokalako ndi loko, anapempha khasu kwa mayi wogulitsa mbatata pafupi, n'kuliika paphewa. Kenako anatambasula dzanja linalo kumene kunali Janeti.

"Njira sindiiona bwino masiku ano. Ndigwireni dzanja, mukandisonyeze pomwe anaima."