Lamba wa Chimphona

Mipando yobwereka ya pamaliro inali isanabwezedwe n'komwe pamene amayi ake a malemu anayamba kutulutsa katundu wa mpongozi wawo. Anayamba ndi nsapato, kuziponya imodziimodzi pakhonde. Kenako madiresi ndi mahang'ala omwe, kenako chikwama chachikulu chimene zipi yake inafa kalekale. Mwana wawo wamkazi, mlongo wake wa malemuyo, anaima pakhomo manja ali m'chiuno ngati mlonda.

Wamasiyeyo anali pampando wa pabalaza, maso atatupa. Sanadzuke.

"Ukudikira kuti tikunyamule?" anatero apongozi ake. "Ntchito yako waimaliza. Wamuika m'manda, tsopano nyamuka."

"Amayi, nyumba ino tinamanga awiri."

"Awiri? Mwana wanga ankapsa maso ndi moto wa zitsulo iwe ukupinda nsalu za eni ake m'sitolo. Ngakhale mwana mmodzi sunamuberekere. Chomwe unkadziwa ndi kumubisira chakudya!"

Malemuyo dzina lake lenileni linkangopezeka pachiphaso. Aliyense ankamutcha Chimphona. Anali wowotcherera zitsulo, munthu woti akaima pakhomo m'nyumba mumada. Geti lachitsulo ankanyamula yekha, koma akaona kasingano ankatseka maso n'kumaitana mayi ake, ndevu zili pepepe. Anali munthu wosatha kukana. Mkazi wake akanena ankati inde, mayi ake akanena ankatinso inde, ndipo ankaganiza kuti umenewo ndiye mtendere.

Apongozi analowa kuchipinda n'kutulukanso ndi lamba wachikopa. Anamutambasula pamaso pa mpongozi wawo. Kupitirira mabowo a kusitolo kunali mabowo ena, okhotakhota, akuda m'mbali.

"Ona! Anabowola ndani awa? Si iwe, ndi msomali wootcha? Munthu akutha ngati sopo, iwe n'kumavina kukhitchini!"

"Ndinkaona ndi maso anga," anawonjezera mlamu wake uja ali pakhomo. "Mchimwene wanga kolala kulendewera ngati malaya obwereka. Ati kadyedwe ka keto. Keto wakoyo ali kuti lero, alamu? Wabwera kudzalira nawo?"

Wamasiyeyo anayang'ana lambayo, misozi n'kuyambanso. Zinali zoona, anabowola ndi iyeyo, ndipo anavinadi.

Chaka chatha adokotala anamupeza Chimphona ndi matenda a shuga. Anamupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti achepetse thupi. Mkazi wake, amene bambo ake anadulidwa mwendo ndi matenda omwewo, anachita mantha aakulu. Anayamba kuwerenga pafoni mpaka anapeza kadyedwe kotchedwa keto. Anachotsa shuga m'nyumba, buledi, mpunga, mbatata. M'mbale ya mwamuna wake munkakhala mazira, mapeyala, nyama ndi masamba. Anawonjezera kusala kudya: kum'mawa madzi okha, chakudya mpaka masana. Anagulanso kamakina koyezera shuga, kobaya chala n'kusunga manambala.

Vuto linali lobaya. Mkaziyo ankalawirira kusitolo, ndipo Chimphona sakanadzibaya yekha ngakhale atamulonjeza galimoto. Masabata oyamba anali a nkhondo, manambala ali pamwamba, mkazi n'kumawonjezera maola osala. Ndiye tsiku lina apongozi, amene ankakhala nawo chimwalirire amuna awo ndipo ankanyoza kadyedweko kuyambira pachiyambi, anangoti, "Pita ku ntchito, mwana wanga ndizimubaya ndine." Mkaziyo anathokoza mpaka kugwada. Kuyambira pamenepo madzulo alionse ankapeza manambala okongola m'kamakinamo. Thupi nalo linayamba kutsika. Atakhutira kuti matenda agonja, anamuuza mwamuna wake kuti mapiritsi sakufunikanso, ndipo Chimphona anati inde.

Ludzu losatha limene Chimphona anali nalo, kupita kuchimbudzi pafupipafupi, mpweya wa m'kamwa wonunkha ngati zipatso zoola, zonse mkaziyo ankati ndi thupi likuwotcha mafuta. Chimphona anagwera pantchito, pafupi ndi geti limene anali asanamalize. Kuchipatala adokotala ananena kuti shuga wake anali atakwera kwa miyezi, ndipo kuwondako kunali kwa matenda. Chimphona sanadzukenso. Chichokere kuchipatala, wamasiyeyo ankangotembenuza kamakina kaja m'manja, kukafunsa chifukwa chimene kanamunamizira.

"Ndikulankhula ndi iwe!" anakuwa apongozi. Anayandikira n'kumugogoda pamphumi ndi chala. "Mfiti yopanda manyazi! Unamupha ndi njala, iwe, iwe, iwe!"

Kachitatu wamasiyeyo anagwira dzanjalo kuti alikankhe. Koma sanalisiye. Analitembenuza, n'kuliyandikitsa kumaso. M'mbali mwa nsonga za zala munali timadontho takuda tambirimbiri, tina tatsopano, tina tozilala. Anakumbukira manja a mwamuna wake pabedi la kuchipatala, mmene anawasisitira chala ndi chala. Anali ndi zipsera za moto, koma kadontho ngakhale kamodzi panalibe. Nthawi imeneyo anangoti khungu lake ndi lolimba.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "madontho awa ndi a chiyani?"

"Ndisiye! Ndi singano yosokera."

"Inu simusoka. Ulusi simuuona. Mabatani anu ndimasoka ndine."

"Asiye amayi, iwe!" Mlamu uja anathamangira kudzawalanditsa, koma atafika maso ake anagweranso pazalapo. Anaima.

"Magazi amene ankalowa m'kamakina kaja anali a ndani?" Wamasiyeyo tsopano anali ataimirira. "Yankhani! Ndinkapsompsona kamakina madzulo alionse, ndinkathokoza Mulungu. Ndinkathokozera magazi a ndani?"

Apongozi anasolola dzanja lawo n'kulibisa m'khwapa.

"Anali ndi njala," anatero. Kenako anakuwa, "Anali ndi njala! Iwe ukangotseka geti ankabwera kuchipinda kwanga, chimunthu chonse chija, n'kukhala pansi ngati kamwana. 'Amayi, mawondo akunjenjemera, ndikagwira bwanji chitsulo?' Nambala ikakwera unkamuwonjezera maola. Ndiye ndikanatani? Ndinamubereka ine. Sindinamugoneke ndi njala ngakhale tsiku limodzi, ngakhale bambo ake atachotsedwa ntchito. Ndinkabaya changa chala kuti umusiye apume!"

"N'kumamupatsa chiyani?"

"Chakudya cha anthu! Tiyi wa shuga, buledi wopaka jamu. Ankadya akuseka, mwana wanga. Kwa iwe anasekapo liti ndi mapeyala akowo?"

Mlamu uja anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma.

"Buledi uja?" anafunsa. "Amayi, buledi ndi zakumwa zimene munkandituma Loweruka lililonse zija? Munkati alamu akukumanani chakudya. Munkati muzibisa m'kabati ya zovala kuti muzidya nokha."

"Ukanabweretsa ndikanakuuza zoona?"

"Mwandidyetsa mchimwene wanga ndi manja anga!" Anadzimenya pachifuwa, kulira kwake kukumveka mpaka kumsewu. "Ine n'kumatukwana munthu pamaliro, anthu onse akumva!"

Wamasiyeyo sanamuyang'ane mlamu wakeyo. Maso ake anali pa apongozi.

"Mukudziwa chimene ndinachita chifukwa cha magazi anuwo? Ndinatenga mapiritsi ake onse n'kuwataya m'chimbudzi. Ndinamuuza kuti wachira."

Apa nkhope ya apongozi inasintha. Anali asanadziwe. Koma chisoni chawo chinatulukira m'kamwa ngati mpeni.

"Anakutuma ndani? Ndiwe dokotala iwe? Foni yako ija inapita kusukulu iti? Ine ndinam'patsa buledi, inde. Koma mankhwala ndikanataya ine? Ukanapita naye kuchipatala kamodzi kokha, akanamubaya okha n'kuona!"

"Sindine dokotala," anayankha wamasiyeyo. "Tsiku lobwerera kuchipatala linafika, ine ndinati tikatayirenji nthawi pamzere, manambala ndi awa. Chimenecho ndifa nacho. Koma inu munkamuona akutha. Munkadziwa kuti manambalawo ndi abodza. Munkandiona ndikubowola lamba, osanena kanthu!"

"Ndinkati akutha ndi njala yako! Ndiye ndinkawonjezera shuga!"

Mawu amenewo atatuluka, apongozi anakhala pansi, pasimenti penipeni, lamba ali pamiyendo. Analira mosatulutsa mawu, akusisita mabowo aja ndi zala zamadonthozo.

Mlamu uja anatola kachikwama kake.

"Mwana wanga, dikira," anatero apongozi. "Nditenge. Ndikakhale kwa iwe."

"Kwanga kulibe malo."

"Ndine mayi ako!"

"Munalinso mayi ake." Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha ukwati chinapendekeka pakhoma. Podutsa pakhonde analambalala nsapato za mlamu wake, osaponda ngakhale imodzi.

Wamasiyeyo anatuluka n'kuyamba kutola katundu wake. Anakung'untha madiresi, anaphatikiza nsapato, anakokera chikwama m'nyumba. Pobwerera komaliza anapeza apongozi atatuluka kuchipinda kwawo ndi kathumba ka zovala, mpango uli kumutu.

"Mukupita kuti?"

"Kulikonse. Usavutike kundithamangitsa."

Wamasiyeyo anatseka chitseko n'kuima kutsogolo kwake.

"Simukuchoka. Mukachoka muzikauza anthu kuti ndinamupha ndine, ndipo ine ndikatsala ndekha muno ndiyamba kukhulupirira. Khalani. Inu muziona nkhope yanga m'mawa uliwonse, ine ndiziona zala zanu."

"Ndiwe woipa mtima."

"Nonse mwanena kale zimenezo. Bwezani thumbalo."

Apongozi anabwerera kuchipinda kwawo akukoka mapazi. Wamasiyeyo anatola lamba pansi. Anapeza msomali m'bokosi la zipangizo za mwamuna wake, n'kuukhoma pakhoma la pakati pa zitseko za zipinda ziwirizo. Anapachika lambayo pabowo lomaliza, limene Chimphona anavalira tsiku limene anagwa.

Dzuwa lisanalowe anaphika mpunga, woyamba m'nyumbamo chichokere chaka chatha. Anapakula mbale ziwiri n'kugogoda pachitseko cha apongozi kamodzi. Anakhala moyang'anana patebulo, mpando waukulu wa Chimphona uli pakati pawo. Mpunga unafuka nthunzi, unazizira, unauma pamwamba. Tsiku limenelo onse awiri anasala kudya, popanda wowauza.