Mphaka Wolemera Kuposa Twaibu

Asma ankakhala ku Chipoka, pafupi ndi nyanja. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Twaibu. Asma ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna Twaibu anenepe.

Twaibu ankadya phala m'mawa. Ankadya phala masana. Koma phalalo linali la ufa ndi madzi basi. Timiyendo take tinali ngati timitengo ta machesi.

Amayi ankayanika usipa pathandala. Usipa wabwino ankagulitsa. Timitu ndi zinyenyeswa ankataya kuseli kwa nyumba. Ankati zimenezo si ndiwo, ndi zinyalala.

Kuseliko kunkakhala mphaka, dzina lake Bwana. Bwana ankadya zinyenyeswa m'mawa. Ankadya zinyenyeswa masana. Makoswe ankadutsa pamphuno pake, iye osatekeseka. Ntchito anasiya kalekale.

Tsiku la sikelo linafika. Amayi anabereka Twaibu. Asma anasenza dengu. Dengulo linkalemera modabwitsa.

A Lilian, alangizi a zaumoyo, anapachika sikelo pamtengo wa mango. Anaika Twaibu m'kathumba ka sikelo. Muvi wa sikelo unasuntha pang'ono chabe. A Lilian anati mwanayu sakukwera sikelo. Amayi anawerama. Asma anamva chisoni kwambiri.

Atangomuchotsa Twaibu pasikelo, mwadzidzidzi dengu linagwedezeka. Munatuluka Bwana! Anaona kathumba kaja kali kopanda munthu. Anadumphiramo kuti agone. Muvi unathamanga. Unapitirira pomwe unaima kwa Twaibu.

Azimayi onse anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Kodi mphakayu amadya chiyani?" anafunsa a Lilian.

Asma anayankha kuti amadya zinyalala za usipa. Kenako anayang'ana Bwana. Anayang'ana Twaibu.

"Amayi, bwanji Twaibu azidyako zimene amadya Bwana?"

Amayi anakana. Anati mwana alibe mano, minga imubaya. Asma anati ndiye azisinja. A Lilian anavomera. Anati azitola zoyera za pathandala, osati za pansi.

Kunyumba, Asma anatola timitu tonse. Amayi anakazinga. Asma anasinja. Amayi anasefa. Unatuluka ufa wosalala, wonunkhira. Anathira supuni imodzi m'phala.

Twaibu analawa. Anakwinya nkhope. Kenako anayasamanso kukamwa. Anadya mpaka kunyambita supuni.

Miyezi iwiri inadutsa. Ku sikelo muvi unathamanga. Unapitirira pomwe unaima kwa Bwana!

"Alhamdulillah," anatero Amayi pothokoza Mulungu.

Asma anavina. Anayesa kunyamula Twaibu, koma anakhala naye pansi. Mwana anali atalemera.

Nanga Bwana? Kuseli kwa nyumba kunalibenso chakudya chaulere. Analira tsiku loyamba. Analira tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu anakumbukira ntchito yake. Anagwira khoswe.

Koma sanamudye. Anamuika pafupi ndi mtondo. Anakhala pansi, n'kumayang'ana Asma.

"Ayi, Bwana," anatero Asma. "Ameneyo usinje wekha."

Amayi anaseka. Twaibu nayenso anaseka, masaya ali onenepa.