Misomali pa Dzina la Tarwiyah

Ginah anayamba kukulunga ndudu m'fakitale ina ya ku Kudus ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Lamulo silinkalola mwana wa msinkhu umenewo kulembedwa ntchito, choncho anachita zimene atsikana ambiri a m'midzi ya m'mbali mwa phiri la Muria ankachita: anasinthana mapepala ndi mkulu wake wamkazi, Tarwiyah. Tarwiyah yekha ndiye anamaliza sekondale m'banjamo, koma mayi awo atafa ziwalo, iye anatsala kumudzi kuwasamalira. Ginah anatsikira ku tauni atanyamula dzina la mkulu wake pamodzi ndi satifiketi yake. Kuyambira pamenepo ku tauni anali Tarwiyah, ndipo kumudzi kokha ndi kumene ankaitanidwa Ginah. Anthu a kumudzi ankadziwa, koma panalibe woulula, pakuti nyumba zambiri zinali ndi nkhani yofanana nayo.

Zaka zinapita. Zala zake zinada ndi fodya, msana unayamba kupindika, koma chipinda chake cha lendi chinali chomwecho, chodontha dzinja lililonse. Ginah anali wakuthwa mutu. Anadziphunzitsa yekha malamulo a ntchito, nakhala mtsogoleri wa amayi okulunga ndudu, ndipo akaimirira kulankhula, akapitawo ankayang'ana pansi. N'chifukwa chake chipani china chaching'ono chinamupempha kuti aime pa mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo ya ku Jakarta.

Mpandowo unali wa Pak Harjono, ndiko kuti Bambo Harjono, mwini zigayo za mpunga. Nkhope yake inali pa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu, ndipo mkazi wake ankadutsa pachipata cha fakitale m'galimoto, zibangili zagolide zili mbuu mpaka m'zigongono. Ginah ankaziyang'ana zibangilizo nthawi yaitali kuposa mmene akanavomerera.

"Ife timakukonda, Yu," anatero Rukini, mnzake wa pa benchi imodzi, pomuitana Yu, ndiko kuti achemwali, manja ali pa fodya. "Koma Pak Harjono amatumiza envelopu ya ndalama m'mamawa wa tsiku lovota. Yako idzabwera ndi chiyani? Fungo la ndudu?"

Amayi onse anaseka.

"Ndiye mugulitsa zaka zisanu pa mtengo wa nkhuku imodzi?" anafunsa Ginah.

"Nkhuku imadyeka," anayankha Rukini. "Malonjezo sindinawalaweko."

Zimenezo Ginah akanapirira. Chimene chinamulasa ndi tsiku la mtsutso pabwalo la boma. Ginah atamaliza kulankhula za malipiro, Pak Harjono anaimirira akumwetulira. "Mayiwa alankhula bwino. Ku Jakarta akatikulungire malamulo, tizisuta." Anthu anafa nacho chiseko. Kenaka anatuma munthu wake kuti amupatse Ginah envelopu pamaso pa onse, akuti ya basi yobwererera kunyumba.

Mmawa mwake Ginah sanapite ku ntchito. Anakwera njinga yamoto mpaka kuseri kwa nkhalango, kumene kunkakhala Mbah Wongso, ndiko kuti Agogo Wongso, sing'anga amene anthu ankamutchula monong'ona. Anamupeza dzuwa lili paliwombo, atakhala pakati pa zitsulo zakale, akuwongola misomali yopindika pamwala. Mkuluyo sanadzutse mutu.

"Wabwera kudzafuna chuma. Dzina lako?"

"Tarwiyah, Mbah."

Nyundo inaima. "Usandinamize m'bwalo langa, mwana iwe. Dzina limenelo likukukhala ngati malaya obwereka. Mwini wake ali moyo?"

"Ali moyo. Ndi mkulu wanga."

"Amakukonda?"

"Kwambiri."

"Ndiye zitheka." Mbah Wongso anatola msomali umodzi wadzimbiri nauika m'dzanja lake. "Ndikuuza zonse poyera, kuti mawa usadzati ndinakupusitsa. Lemba dzinalo pachikwangwani, ulikhome pamtengo ndi msomali uwu, ndi dzanja lako. Kuyambira pamenepo msomali uliwonse umene udzalowa m'dzinalo udzaitana ndalama m'mbiya yako ya mpunga. Koma msomali sulowa pachabe. Udzalowanso m'thupi la amene anapatsidwa dzinalo tsiku limene mchombo wake unakwiriridwa."

"Ndilolereni ndiumve ine ululuwo, Mbah. Dzinali ndalinyamula zaka zambiri."

"Wonyamula nkhuni si mwini nkhalango."

"Adzafa?"

"Ndi msomali umodzi? Ayi, n'chimodzimodzi kulumidwa ndi nyerere. Ndi zana, adzadwala." Mkuluyo anamuyang'ana koyamba. "Kodi m'dziko muno timavota ndi chiyani?"

Ginah ankadziwa, monga mwana aliyense adziwa, kuti m'kachipinda kovotera mumakhala msomali womangiriridwa pachingwe, ndipo munthu amaboola nawo dzina la amene wamusankha.

"Ndipo ukufuna anthu angati akusankhe?" anafunsanso Mbah Wongso, nabwerera ku mwala wake.

Ginah anadziuza kuti angotenga ndalama zoyambira, kuti tsiku lovota lili kutali, kuti pofika nthawiyo adzakhala atapeza njira ina. Anafumbata msomali uja nachoka.

Chikwangwani choyamba anachikhoma pa mtengo wa bwemba wa pafupi ndi chipata cha fakitale. Atafika kunyumba anavundukula mbiya. Pansi pa mpunga panali ndalama zamapepala, zatsopano, zonunkha chitsulo chonyowa. Asanamalize kuzitulutsa, foni inalira.

"Nah, ndamva kuti wayamba," anali Tarwiyah, amene ankafupikitsa dzina la Ginah motero, mawu ake ali odzaza ndi chimwemwe. "Unditumizireko zikwangwani, kuno kumudzi ndikhoma ndekha. Koma china chake chandiluma paphewa, mwina mavu."

"Pakanipo mafuta, Yu," anatero Ginah.

Anasindikiza zikwangwani zambiri, nalemba anyamata oti azikhoma. Mbiya sinkaphwa. Anagula malaya a chipani ogawa, mpunga wa amasiye, zokuzira mawu. Kenaka anagula galimoto, akuti ya misonkhano. Kenaka anachoka m'chipinda cha lendi nalowa m'nyumba ya matailosi. Tsiku lina Rukini anamugwira mkono nawerama kuyang'ana zibangili.

"Izinso ndi za amayi okulunga ndudu, Bu Tarwiyah?" anafunsa, pomuitana Bu ngati mayi wolemekezeka.

"Wosauka samvedwa," anayankha Ginah, nachotsa mkono wake. Pamisonkhano anayamba kulankhula pang'ono za malipiro, nalankhula kwambiri za zimene adzagawe.

Atapita kumudzi anapeza mkulu wake pamsewu, nyundo ili m'manja, akukhoma chikwangwani pa mtengo wa mango. Tarwiyah anali atawonda. Nyundo ikagunda, nkhope yake inkakwinyika, koma ankangoluma mlomo napitiriza.

"Yu, siyani. Alipo anyamata a ntchito imeneyi."

"Anyamata amakhoma mokhota. Dzina langali ndikhoma ndekha." Anaseka, akugwira m'nthiti. "Ukalamba wandipeza msanga, Nah. Thupi lonse likubaya. Koma taona mmene likuonekera. Bambo anagulitsa mbuzi zonse kuti dzina ili liphunzire, ine ndinalikhazika pakhomo kuchapa zofunda za odwala. Iwe walinyamula, ukulipititsa ku Jakarta."

Madzulo, akumuthandiza kusamba, Ginah anaona msana wake. Panali timabowo ting'onoting'ono, tosatuluka magazi, tozungulidwa ndi dzimbiri. Anamutengera ku chipatala chodula cha ku Semarang. Madokotala anamujambula m'thupi osapezamo kanthu, namupatsa mankhwala opha ululu.

Ginah anabwerera kwa Mbah Wongso atanyamula thumba la ndalama.

"Sinthani chizimba, Mbah. Ndikupatsani chilichonse. Ng'ombe, munda."

"Ndalama zanga zomwe ukufuna kundigula nazo?" Mkuluyo anaseka pang'ono. "Palibe wakumanga, mwana iwe. Uli ndi pakamwa. Ima pamsonkhano, uwauze anthu kuti asaboole dzinalo. Ukatero mkulu wako achira, mbiya iuma, ndipo iwe ubwerera pa benchi."

"Pak Harjono adzandiseka mpaka imfa."

"Adzakusekadi."

Msonkhano womaliza unachitikira pabwalo la mpira. Anthu anadzaza mpaka m'mitengo. Tarwiyah anakhala kutsogolo pampando, atafunda nsalu ngakhale kunali kutentha, akumwetulira. Ginah anakwera pansanja atakonzeka. Mawu anali pa lilime: musandivotere. Koma khamu linayamba kuimba dzina lija, ndipo chapatali anaona galimoto ya Pak Harjono itaima, mwini wake akuyang'ana pawindo, osasekanso. Ginah anali asanaonepo munthu wolemera akumuopa. Anadziuza kuti mwina sing'anga uja amangoopseza, kuti Tarwiyah ndi wolimba, kuti madokotala a ku Jakarta ndi odziwa kuposa a ku Semarang.

"Mukalowa m'kachipinda," anatero, "musanjenjemere. Boolani Tarwiyah."

M'mamawa wa tsiku lovota maenvelopu ake anafika pakhomo lililonse, onenepa kuposa a Pak Harjono. Iye anathamangira kumudzi, napeza mkulu wake atavala kale zovala zake za pa chikondwerero.

"Yu, gonani lero. Voti imodzi sisintha kanthu."

"Ndigone? Iwe mwana, unayamba liti kulamula akulu ako? Ndiperekeze pa galimoto yakoyo, nanenso ndiimve kukoma."

Malo ovotera anali pasukulu. Tarwiyah analowa m'kachipinda akutsamira khoma. Ginah ali panja anamva kubuula kamodzi. Mkulu wake anatuluka, naviika chala mu inki, nachikweza kumuonetsa monyadira. Kenaka anagwa pansi.

Anamugoneka pamphasa kunyumba. Dzuwa linkakwera, ndipo m'midzi yonse ya chigawocho mizere ya anthu inkatalika. Tarwiyah sanakuwe. Thupi lake linkangodzidzimuka, pang'ono pang'ono poyamba, kenaka mosalekeza, ngati denga la malata pamene mvula ikuyamba. Ginah anagwada pambali pake ndi foni m'manja. Akanatha kuimbira anthu ake, koma sakanatha kuimitsa mizere ya m'midzi mazana.

"Akuvota, Nah?" anafunsa Tarwiyah.

"Akuvota, Yu."

"Ambiri?"

"Ambiri."

"Zili bwino."

Anatsirizika malo ovotera asanatsekedwe. Mmodzi wa amayi amene anasambitsa mtembo sanadye masiku angapo. Pofika madzulo, mbiri inali ponseponse kuti wokulunga ndudu wagonjetsa mwini zigayo.

Maliro anaikidwa mmawa mwake. Kunabwera akuluakulu a chipani, atolankhani, ngakhalenso anthu a Pak Harjono, kudzapepesa phungu watsopano amene mchemwali wake Ginah, monga ankadziwira iwo, anamwalira pa tsiku la chipambano. Manda atakwiriridwa, inafika nthawi yoti shehe wa m'mudzimo, Mbah Solikin, akhale kumutu kwa manda ndi kuitana malemu ndi dzina lake, kumukumbutsa zoyankha angelo akabwera kudzamufunsa. Ginah anamukokera pambali.

"Mbah, muitaneni kuti Ginah. Ndi mmene zilili m'mapepala."

"Mapepala ndi a boma, mwana wanga. Ine ndinalipo tsiku limene anapatsidwa dzina."

"Alendo awa akumva. Ndimangira mzikiti denga latsopano."

Mkuluyo anamuyang'ana mwachisoni. "Ndikamuitana ndi dzina la wina, sadzayankha. Adzatsala yekha m'mandamo, osadziwa kuti akulankhula ndi iye. Unamubwereka dzina ali moyo, ife tinakhala chete. Lero mubwezere."

Anakhala pansi, nakweza mawu kuti onse amve: "Iwe Tarwiyah, mwana wa Sukinem, imva."

Anthu a Pak Harjono anayang'anizana. Mmodzi anafunsa mayi wina wa m'mudzimo kuti nanga waima apoyo ndani, ndipo mayiyo, amene anali mmodzi wa osambitsa mtembo, anayankha osatsitsa mawu kuti ndi Ginah.

Sipanapite nthawi, oyendetsa zisankho analengeza kuti satifiketi imene Ginah anaima nayo sinali yake, ndipo mpando anaupereka kwa wina. Chipani chinamukana. Ginah atavundukula mbiya anapezamo madzi ofiira a dzimbiri. Nyumba ndi galimoto zinapita pa milandu. Rukini anamutenga kuti azikhala kwake, koma Ginah sankagona m'nyumba.

Anakhala moyo zaka zingapo. Ankayenda m'misewu ya ku Kudus kuchoka pa mtengo kupita pa mtengo, akuzula misomali ndi zala zake mpaka zikhadabo zinatha. Akazula umodzi ankasisita khungwa la mtengowo nafunsa motsitsa mawu, "Apa papola, Yu?" Anthu akamuitana kuti Tarwiyah ankatseka makutu. Akamuitana kuti Ginah sankacheuka. Anamupeza mmawa wina atafa patsinde pa mtengo, m'mbali mwa msewu wopita ku phiri.

Alipo amene amati Ginah anaphedwa ndi umphawi. Si zoona, ndipo amayi amene anakhala naye pa benchi sayenera kulola kuti zinenedwe. Umphawi anaunyamula zaka zambiri mutu uli m'mwamba, ndipo nthawi imeneyo akapitawo ankamuopa. Chinamupha ndi dyera, limene linabwera litavala zovala za chilungamo. Palibe amene anamupusitsa: mtengo wa chumacho anauzidwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo khomo lotulukira linali lotsegula mpaka tsiku lomaliza. Wosauka ali ndi ufulu wofuna mpando uliwonse m'dziko lake. Koma chuma cha mankhwala sichilipidwa ndi amene akuchidya. Chimalipidwa ndi munthu amene amamukonda kwambiri, pakuti ndiye yekha amene sangamukayikire. Kusekedwa ndi olemera kumawawa, koma sikukumba manda.