Chopanira Nsapato Chopanda Penti

Lolemba masana, Mafunso anaponya chopanira nsapato chake patebulo la m'chipinda cha sayansi n'kudzigwetsa pampando. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa sankatopa kufunsa, koma tsiku limenelo analibe funso ngakhale limodzi.

Madamu a sayansi nawonso anali otopa. Choko chinali chitawayeretsa mpaka m'zigongono, ndipo m'makona monse munali mbwee zinthu zimene ana a kalabu yopanga zipangizo anaziyamba ndi moto n'kuzisiyira panjira. Anayang'ana chopaniracho, n'kufunsa ngati nachonso chabwera kudzagona ndi zinzake.

Bambo ake a Mafunso ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera basi. Miyezi inayi m'mbuyomo anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufooka. Tsono kusoka kumafuna manja awiri, lina logwira nsapato, lina lobaya. Makasitomala anayamba kuwalambalala. Bambowo anali atanena kale kuti Loweruka apereka zida zawo zonse kwa mnzawo wina, iwo azingokhala pakhomo.

Mafunso anatha milungu itatu akupanga chida choti chiziwagwirira nsapato: matabwa awiri opana, chogwirira chokokera, ndi penti yabuluu yonyezimira. Atawapatsa, bambo ake anamwetulira, anachiyamikira kuti n'chokongola zedi, kenako anachilowetsa pansi pa benchi. Kukongola kwake kunathera pomwepo.

Madamu anachitembenuza uku ndi uku, n'kuloza chogwirira chija.

"Ichi akoke ndi dzanja liti?"

"Lamanja, Madamu."

Mawuwo atangotuluka, Mafunso anazizidwa. Ndilo dzanja lodwala lija. Akati akoke ndi lamanzere, singano ndiye agwire ndi chiyani?

"Chidwalireni, unawaonapo akusoka?" anafunsa Madamu.

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Lamulo la kalabu linali lodziwika: tsamba loyamba la kope ndi la zimene waona ndi maso pamene mwini vuto akugwira ntchito. Iye tsambalo analidzaza ali pabedi, pokumbukira bambo ake a kale, amene ankasoka akuimba mluzu. Poweruka ankazungulira njira yakuseri kwa masitolo, chifukwa kuwaona akuvutika kunkamupweteka mtima, ndipo penanso, kunena zoona, ankachita manyazi ndi anzake.

Madamu sanamukalipire, mwina mphamvu zake analibe. Anangomuuza kuti asakhudze thabwa kapena msomali mpaka Lachitatu. Apite kwa bambo ake akangokhala, aziona.

Lachiwiri linali lalitali. Ataweruka, Mafunso anakhala pachitini pambali pa bambo ake, kope lili pamwendo. Anaona nsapato ikupulumuka pakati pa mawondo kasanu konse. Anaona bambo ake akukoka ulusi ndi mano, thukuta likutsikira m'kolala. Kalamba kamodzi ka sandasi kanawadyera pafupifupi ola lathunthu, ndipo mwini wake anachita kutopa n'kupita. Mafunso anafuna kulira, koma analemba. Chakumapeto analembanso kuti nsapato ikagwa, bambo ake ankaiponda ndi phazi lamanzere n'kuikokera pafupi, mwamphamvu ndiponso mosaphonya.

Lachitatu anachotsa chogwirira chija n'kuika chopondera pansi, cholumikiza ndi waya wa mabuleki a njinga. Wayayo anaduka. Anaika wina, koma matabwa anapana mopitirira muyeso mpaka nsapato yoyeserera inaphwanyika kuchala. Lachinayi Madamu, akuyasamula, anamuponyera chubu chakale cha njinga kuti akute matabwawo. Zala za Mafunso zinatuluka matuza. Nthawi yopaka penti panalibe, ndipo chidacho chinkaoneka ngati chotoledwa kudzala.

Lachisanu ataweruka, anachinyamula kudutsa msewu waukulu, anzake akuona. Anapeza bambo ake atayamba kale kulongedza zida m'katoni. Bambowo anachiyang'ana osamwetulira. Anaikapo nsapato, anaponda, matabwa n'kugwira. Anabaya ndi dzanja lamanzere, anakoka ulusi, anabayanso. Msoko unali wokhotakhota, koma nsapato sinasunthe.

Mafunso anadikira kuti amve kuti n'chokongola. M'malo mwake bambo ake anachita tsinya.

"Chopondera chako chakwera kwambiri, mwendo ukutopa. Uchitsitse zala ziwiri. Ndipo thabwa ili likundiphimba, ulidule pakona apa."

Mtima wa Mafunso unagwa kaye, kenako anamvetsa, ndipo anadzazidwa ndi chimwemwe. Munthu sadandaula ndi chinthu chimene akufuna kuchilowetsa pansi pa benchi. Anatsegula kope n'kulemba zonse.

Bambo ake anapisa dzanja m'katoni muja, natulutsa ulusi wakuda umene anali atalongedza kale. Anayang'ana kumapazi kwa mwana wawo.

"Vula nsapato yakoyo, mwanangu. Yakhala ikuyasama mwezi wonse, ine ndikungoiyang'ana."