Wina Aime, Wina Akhale

Kapupuluma anali ndi vuto limodzi. Mlongo wake wamng'ono, Chitsiriza, anakana kusewera naye.

Chifukwa chinalipo. Masewera a Kapupuluma ankayamba bwino. Ana ankaima pamzere pakhonde. Posakhalitsa wina uku, wina uko, chipwirikiti chokhachokha. Wogwa anali Chitsiriza nthawi zonse. Bondo lake linali ndi bandeji.

Kapupuluma mtima unamuwawa.

Ataweruka kusukulu, anapita kuntchito kwa amayi ake. Chipinda chawo chofufuziramo za sayansi chinali chozizira. Patebulo panali timagalasi ndi mawaya ambirimbiri. Amayi anamuuza kuti manja akhale kumbuyo. Mwana wawo ankamudziwa bwino!

Pakompyuta panali timadontho pamzere. Amayi anati timadonthoto ndi maatomu, tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso. Tina tinali towala. Tina tinali tozima.

Amayi anadina batani. Timadontho tinasokonezeka. Tinasakanikirana ngati mkaka mu tiyi. Sitinabwererenso.

"Ngati masewera anga," anatero Kapupuluma.

"Zinthu zambiri zimatero, mwanangu," anatero amayi. "Koma taona izi."

Amayi anayala timadontho mwatsopano. Kowala, kozima. Kowala, kozima. Anati pali lamulo limodzi. Toyandikana sitiwala pamodzi.

Anadinanso batani. Towala tinazima. Tozima tinawala. Kenako tonse tinabwerera mwakale. Tinasinthana, tinabwerera. Tinasinthana, tinabwerera. Tinatenga nthawi yaitali tisanasokonezeke.

Kapupuluma anafunsa chifukwa chake. Amayi anaseka. Anati nawonso akufufuzabe, ndiyo ntchito yawo.

Atafika kunyumba, Kapupuluma anaitana anzake. Ulendo uno sanapupulume. Anawaika pamzere mmodzimmodzi. Wina aime, wina akhale. Wina aime, wina akhale. Anawauza lamulo. Oyandikana asaime pamodzi.

Pakati anasiya malo amodzi.

Chitsiriza ankasuzumira pakhomo. Anagwira bondo lake.

Kapupuluma anawomba m'manja. Oima anakhala. Okhala anaima. Anawombanso. Onse anabwerera mwakale. Palibe anathamanga. Palibe anagwa.

"Malo awo ndi a ndani?" anafunsa Chitsiriza.

"Ndi ako," anatero Kapupuluma.

Chitsiriza anabwera pang'onopang'ono. Anakhala pamalo pake. Kapupuluma anawomba m'manja. Chitsiriza anaima. Anawombanso. Chitsiriza anakhala. Anayang'ana bondo lake. Linali bwinobwino.

Amayi anaitana kuti chakudya chapsa. Chitsiriza anagwira dzanja la mlongo wake.

"Tidya kenako," anatero. "Womba kaye."