Maikolofoni ya ku Tsanya Sinazime

Christabel anakumana ndi Binwell pa siteji ya minibasi ku Lisungwi, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya podikira galimoto.

"Achemwali, mawu amenewo musamawatayire pafumbi pano," anatero mnyamatayo. "Ine ndili ndi situdiyo."

Situdiyo yake! Kachipinda kuseri kwa chigayo, makoma omata matireyi a mazira, ndipo ankajambula pokhapokha chigayo chikazima. Dzina lokha ndilo linali lalikulu: Tsanya Rekodzi.

Chimbale choyamba chinali cha Christabel, ndipo chikondi chinayambira pomwepo. Mtsikanayo anazungulira panjinga mipingo ya ku Nsambe ndi Matandani, kukopa makwaya kuti adzajambulitse. Pofika chaka chachisanu, Tsanya inali m'nyumba yakeyake, makwaya akuchita kulimbirana masiku.

"Njiwa yanga, popanda iwe ndine ndani?" Binwell ankalemba pafoni. "Chaka chamawa ankhoswe akumana, ndalumbira!"

Chaka chamawacho sichinkafika. Chomwe chinafika ndi nyimbo za hipihopu.

"Achinyamata akufuna zimenezi, wokondedwa. Tikangodalira makwaya titsalira," anatero Binwell.

Woyamba kusaina anali Tikondane, mtsikana wa ku Matandani wovala malaya aakulu ngati a bambo ake, wolavula mawu ngati chimanga chokazinga. Nyimbo yake inamveka m'maminibasi onse. Christabel zinamuwawa, tisabise. Chithunzi chake pakhoma chinasunthidwira pafupi ndi chitseko. Chifukwa chiyani?

"Kodi nyimbo imodzi imatenga tsiku lonse, chitseko chili chotseka?" anafunsa Christabel.

"Nsanje basi, mtima wanga. Uja ndi mwana."

Koma Christabel ankadziwa kagwiridwe ka ntchito ka Binwell. Sankaimitsa makina pakati pa kujambula, kuopa kutaya mawu abwino otuluka mwangozi. Chifuwa, kuseka, macheza, zonse zinkalowa.

Loweruka lina m'mawa anafika ndi kwaya ya ku Nsambe. Binwell anali atapita kukagula mabatire. Oimbawo atakhala pakhonde, Christabel analowa, navala mahedifoni, natsegula zomwe Tikondane anajambulitsa dzulo lake.

Ndime itatha, kunamveka mawu omwe ankawadziwa bwino.

"Wayimba bwino, njiwa yanga."

"A Binwell, ndinakuuzani kuti sindifuna zimenezo," anayankha Tikondane. "Nanga a Christabel? Si mukuwakwatira?"

Binwell anaseka.

"Kukwatira uja? Ndimangomusunga chifukwa cha makwaya. Atachoka lero, onse achoka naye. Dikira hipihopu ikhazikike, uona."

Christabel anaimitsa mawuwo. Miyezi yonseyi ankadana ndi mtsikana wosalakwa! Zaka zisanu, dzuwa lonse lomwe linamuwotcha panjinga, zinali zimenezi? Misozi inagwera pa yunifolomu ya kwaya.

Chitseko chinatseguka, Binwell n'kulowa.

"Wafika kale, shuga wanga? Ukumvera chiyani?"

Christabel anapukuta m'maso. Anabweza mawuwo poyambira, nakweza voliyumu mpaka kumapeto, kenako n'kuzula chingwe cha mahedifoni.

Kuseka kwa Binwell kunatuluka m'masipika akuluakulu a mu situdiyomo, kudutsa pazenera, mpaka pakhonde pomwe amayi makumi awiri a ku Nsambe ankayeserera nyimbo. Onse anasiya kuyimba.

"Christa, zima! Ndikufotokozera!"

"Usavutike, ukufotokoza kale," anatero Christabel. "Aleke amve mpaka kumapeto."